Alonda atiletsa kugulitsa mandasi pa kampasi: fizi ya mnzathu tiisonkhe bwanji?

Funso

Ndine msungichuma wa kagulu ka ophunzira ochokera ku Malawi pa yunivesite ina kuno ku Johannesburg. Mnzathu wa chaka chomaliza ali ndi ngongole ya fizi chifukwa bambo ake, amene ankamulipirira, anamwalira. Tinapangana zogulitsa mandasi ndi zitenje pa kampasi, kuchititsa raffle ya foni, ndiponso kuyenda m'zipinda za ku hositelo kupempha thandizo. Ndalama zonse zikulowa mu akaunti yanga. Tsiku lachiwiri alonda anatichotsa ati tilibe chilolezo, ndipo analemba manambala a makhadi athu. Talakwa chiyani poti sitikuba? Kapena n'chifukwa choti ndife obwera? Chinanso, azakhali anga a ku Mayfair akuti ndiziwagulitsira usipa ndi mpunga wa Kilombero kwa anzanga. Zimenezo zili bwino?

Yankho

Achemwali, pepani ndi zovutazi, ndipo mukamupepese mnzanuyo m'malo mwanga. Zimene mwayambazi n'zabwino. Kwathu munthu akagwa m'mavuto sitiyamba tafunsa fomu, timatulutsa mbale n'kuyamba kusonkha, ndipo sindikufuna kuti zimene zachitikazi zikuchotseni mtima umenewo. Koma ndikuuzeni mosabisa kuti pokuchotsani alonda aja sanalakwe. Ngakhale mwana wa ku Soweto kapena wa ku Polokwane akanayala tebulo popanda kalata, akanamuchotsa chimodzimodzi. Pamene pamasiyana ndi pa zotsatira zake. Mwini dziko akapezeka ndi mlandu wa pasukulu amalandira chilango chake, akadali kwawo. Inu mlandu womwewo ukakula umakafika pa viza, ndipo viza ikagwa, sukulu yathera pomwepo. N'chifukwa chake ndikuyankhani motalika.

Kampasi si msewu wa aliyense ngati Jorissen kapena Kingsway. Mukangodutsa pageti ndi khadi lanu, kaya ndi ku yunivesite ya Wits ku Braamfontein, kaya ndi ku yunivesite ya Johannesburg (UJ) pa Auckland Park, Doornfontein kapena Soweto, mwalowa pamalo amene ali ndi eni ake. Lamulo la Higher Education Act la 1997 limapatsa khonsolo ya yunivesite iliyonse mphamvu yoyendetsa sukuluyo ndi kuika malamulo ake, a chilango omwe, ndipo tsiku limene munalembetsa munavomera kuwatsata. Pa malonda ndi zopempha ndalama, mfundo yake ndi imodzi kulikonse: palibe woyala katundu, womata zikalata kapena woyendetsa mbale popanda chilolezo cholembedwa. Zifukwa zake n'zomveka. Amene amagulitsa chakudya m'malo ngati Matrix ku Wits amalipira lendi ndipo anasainirana mapangano ndi sukulu, ndiye sangakondwe kuona wina akugulitsa pakhomo pawo osalipira kanthu. Wophunzira akadwala ndi chimene wadya pa kampasi, makolo ake sadzafunafuna amene anakazinga, adzathamangira kwa akuluakulu a sukulu. Ndiye palinso akathyali, amene amadziwa kuti nkhani ya maliro ndi ya fizi imatsegula zikwama msanga. Mlonda alibe njira yosiyanitsira inu ndi iwowo kupatula pepala.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'funso lanu si mandasi ayi. Ndi pamene mwanena kuti ndalama zonse zikulowa mu akaunti yanu. Chonde, zimenezo zithe lero. Sindikukayikira kukhulupirika kwanu, anzanu sakanakusankhani kukhala msungichuma akanakhala kuti sakukudalirani. Vuto ndi lakuti ndalama ya gulu ikasakanikirana ndi yanu ya lendi ndi ya data, mulibenso podziyeretsera tsiku limene wina adzafunse. Ndipo wina adzafunsa ndithu. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza magulu a ophunzira, milandu yowawa kwambiri imene ndaiona sinali ya ndalama zambiri. Inali ya tindalama tochepa tosowa lisiti, mpaka anthu ochokera boma limodzi kusiya kupatsana moni, nkhani n'kukafika kwa makolo kumudzi. Palinso mbali ya banki. Malinga ndi lamulo la FICA la 2001, mabanki amayang'anitsitsa mmene ndalama zikuyendera m'maakaunti. Akaunti ya wophunzira imene mwadzidzidzi yayamba kulandira ndalama kuchokera kwa anthu ambirimbiri ikhoza kubweretsa mafunso, ngakhale kuimitsidwa kaye, inu n'kusowa ndi yogulira buledi yomwe.

Chitani chonchi. Tulutsani sitetimenti kuyambira tsiku limene munayamba kulandira, mukhale pansi ndi wapampando ndi mlembi, mulembe aliyense amene anapereka, tsiku lake ndi kuchuluka kwake, ndi zimene zinapita ku ufa ndi mafuta. Musainire nonse atatu. Kenako ndalama yonseyo ikalipidwe molunjika ku akaunti ya fizi ya mnzanuyo, nambala yake ya pasukulu ikhale reference, ndipo umboni wa malipirowo uikidwe pagulu kuti aliyense aone. Kuyambira pamenepo, wofuna kuthandiza muzimupatsa akaunti ya yunivesite ndi nambala imeneyo, osati yanu. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa imachotsa kukayikirana konse. Woperekayo akudziwa kuti R100 yake yapita ku fizi osati kwina, ndipo inu simugwira kanthu m'manja. Mwini wakeyo avomere kaye musanagawe nambala yake. Mugwirizanenso pasadakhale, molemba, za chimene chidzachitike ndalama zikadzapitirira ngongoleyo kapena zikadzalephera kukwana, pakuti ndalama ikalowa ku akaunti ya fizi, kuibweza kumafuna nthawi ndi mapepala. Ndipo pa malonda alionse musamakhulupirire chithunzi cha umboni wa malipiro chimene wina wakutumizirani pa foni. Dikirani ndalama ioneke. Zithunzi zabodza zoterezi zachuluka muno mumzinda.

Musanakandenso ufa, mnzanuyo apite yekha ku ofesi ya fizi ndi ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja, atanyamula satifiketi ya imfa ya bambo ake. Ambiri amachedwa pamenepa chifukwa cha manyazi, ndipo kuchedwako n'kumene kumawapweteka. NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira fizi, sithandiza ophunzira a viza, koma zitseko zina zilipo: mgwirizano wolipira ngongole pang'onopang'ono, mathumba othandiza amene agwa m'mavuto mwadzidzidzi, ndi tindalama ta m'dipatimenti timene mphunzitsi wamkulu amatha kutidziwa pamene a ku ofesi ya fizi sanatitchule. Aonetsetsenso kuti akulipiritsidwa monga wochokera m'dziko la SADC. Pangano la SADC la maphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limati ophunzira a m'chigawo chino azilipira fizi ngati eni dziko, ngakhale kuti pamwamba pake pamabwera ndalama ya ophunzira akunja ndi ya medical aid imene viza imafuna. Chofulumiritsa china n'chakuti viza ya maphunziro imamangiriridwa ku sukulu imene yalembedwapo, ndipo sukuluyo imadziwitsa Home Affairs, ofesi ya boma yoona za maviza, munthu akasiya kukhala wophunzira wake. Ngati ngongoleyi ingamulepheretse kulembetsa, vuto lake silikhalanso la ndalama lokha. Wopitirira masiku a viza amaletsedwa kulowanso m'dziko muno, chaka chimodzi ngati kupitirirako sikunadutse masiku 30, zaka 5 ngati kwadutsa. Choncho dziwani tsiku lenileni limene ndalamayo ikufunika ndi kuchuluka kwake kwenikweni. Nthawi zina chimene chikufunika kuti munthu alembetse ndi gawo chabe la ngongole yonse, ndipo gawo limenelo mukhoza kulikwanitsa msanga kuposa mmene mukuganizira.

Tsopano za chilolezo. Funso loyamba limene adzakufunseni n'lakuti, ndinu ndani? Mwati ndinu kagulu. Ngati kagulu kameneka ndi ka pa WhatsApp chabe, yunivesite siikadziwa, ndipo siingakapatse tebulo, holo kapena akaunti. Magulu a ophunzira amavomerezedwa kudzera ku SRC, khonsolo yoimira ophunzira onse, ndi ofesi yoona za utsogoleri wa ophunzira. Kumeneko amafuna malamulo oyendetsera gulu olembedwa, mayina a komiti, mndandanda wa mamembala ndi dongosolo la zimene mudzachite m'chakacho. Gulu likavomerezedwa, ndalama zake zimasungidwa m'mabuku a yunivesite, ndipo kuti zituluke pamafunika makoteshoni, masaini ndi malisiti. N'zochedwa, sindikukana, ndipo ophunzira amadandaula nazo chaka ndi chaka. Koma n'zomwezo zimene zimateteza msungichuma. Popeza kulembetsa gulu latsopano kumakhala ndi nyengo yake, ndipo mnzanuyo sangadikire, pezani gulu lovomerezedwa kale loti likutengeni pansi pa dzina lake: la ophunzira ochokera kunja, la mapemphero limene ena mwa inu amapitako, kapena khonsolo ya ophunzira a fakote ya mnzanuyo. Iwo apemphe malo, inu mugwire ntchito. Koma chaka chino chisathe musanalembetse gulu lanulanu, chifukwa vuto ngati ili lidzabweranso. Lero ndi fizi, tsiku lina lidzakhala thupi lofunika kutumiza kumudzi, ndipo pamenepo simudzakhala ndi masiku oyendera maofesi.

Kalata yopempha chilolezo ikhale ya tsamba limodzi. Nenani kuti ndinu ndani, mukusonkhera chiyani, mukufuna kupeza zingati, tsiku liti, malo ati, maola angati, mugulitsa chiyani ndi pa mtengo wanji, ndalama idzapita kuti, ndi dzina la amene adzayankhe zinthu zikavuta. Iperekeni kukadali milungu ingapo, chifukwa kalata imeneyi imadutsa m'manja ambiri: a SRC, osungitsa malo, achitetezo, nthawi zina ndi oona zaumoyo ndi ngozi za moto. Yankho la pakamwa musakhutire nalo, ngakhale litachokera kwa waudindo amene mumamvana naye. Likhale pa imelo kapena papepala la chidindo, ndipo tsiku la malondalo pepalalo likhale patebulo pomwepo. Chilolezo chimakhala cha malo ake ndi tsiku lake. Choti mugulitsire pabwalo Lachisanu sichikulolani kukagulitsira pakhomo la laibulale Lolemba. Chimene simunamvetse funsani pomwepo, paja safunsa anadya phula.

Chakudya ndicho chovuta kwambiri kupezera chilolezo, ndipo masiku ano zathina kuposa kale. Mu Okutobala 2024 ana 6 a ku Naledi, ku Soweto, anamwalira ndi poizoni wa mankhwala ophera tizilombo otchedwa terbufos, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti ma spaza ndi malo onse ogulitsa chakudya alembetse ku makhonsolo. Mukudziwa nokha mmene nkhani imeneyo inatembenukira obwera. Kuyambira pamenepo palibe waudindo amene amafuna kusainira chakudya chimene sakudziwa kumene chaphikidwa. Lamulo lenilenilo linalipo kale. Malamulo a R638 a 2018, amene ali pansi pa Foodstuffs, Cosmetics and Disinfectants Act ya 1972, amati malo okonzera chakudya chogulitsa akhale ndi Certificate of Acceptability, imene amapereka ndi azaumoyo a khonsolo ya mzinda akayendera malowo. Khitchini ya ku hositelo kapena ya mu flat ya ku Berea ilibe satifiketi imeneyo, ngakhale itakhala yaukhondo bwanji. Njira yake ndi kupeza wophika amene ali nayo kale. Funsani pakati pa amayi a kwathu amene amaphika pamaukwati kapena ali ndi malo odyera. Mmodzi wa iwo akaphika, inu n'kuphatikiza kope ya satifiketi yake ku kalata yanu, nkhani imapepuka. Kukazingira pomwepo ndi gasi ndi mafuta otentha kumafunanso chilolezo china, ndipo kawirikawiri amakana. Ngati m'chakudyacho muli nsinjiro lembani poonekera, pakuti alipo anthu amene mtedza umawadwalitsa koopsa. Za mowa musayambe n'komwe, umenewo umafuna laisensi yakeyake pansi pa lamulo la mowa la Gauteng.

Kunena zoona, mandasi sangafike patali pa ngongole ya yunivesite. Mukachotsa ufa, shuga ndi mafuta, chotsala n'chochepa poyerekeza ndi thukuta lake ndi maola amene mwachotsa ku mabuku. Ine ndikanakhala inu ndikanalimbikira zitenje, zimene siziola ndiponso sizifuna satifiketi ya zaumoyo, ndi chakudya chamadzulo chimodzi chokonzedwa bwino, cha matikiti ogulitsiratu: nsima, nsomba, nkhwani wotendera, ndi magule a kwathu. Masiku ngati 25 Meyi, tsiku la Africa, kapena 24 Sepitembala, tsiku la chikhalidwe la dziko lino, mayunivesite amakhala akufuna okha magulu oti aonetse za kwawo, ndipo malo savuta kupeza. Lathu la 6 Julaye limagwa nthawi ya tchuthi cha m'nyengo yozizira, kampasi ili zii. Mukaganiza zosindikiza ma T-shirt, kumbukirani kuti dzina ndi chizindikiro cha yunivesite ndi katundu wake, musaziike pa malaya kapena pa chikalata popanda chilolezo.

Raffle ya foni ija iimitseni kaye. Anthu ambiri sadziwa kuti kugulitsa matikiti kuti wina apate mphoto mwamwayi ndi lotale pamaso pa lamulo, ndipo Lotteries Act ya 1997 imaletsa lotale iliyonse kupatula mitundu imene lamulolo laitchula. Itatu ndiyo ikukukhudzani. Woyamba ndi wa pakati pa mamembala okhaokha: matikiti agulitsidwe kwa a m'gulu basi, mtengo ukhale umodzi, ndipo osalengeza kunja. Wachiwiri ndi wochitikira mkati mwa mwambo wina, monga chakudya chamadzulo chija: matikiti agulitsidwe pamalopo nthawi ya mwambowo, wopambana alengezedwe pomwepo, mphoto isakhale ndalama, ndipo raffleyo isakhale chifukwa chachikulu chimene anthu abwerera. Wachitatu ndi wogulitsa matikiti kwa anthu onse, ndipo umenewo umafuna kuti gulu lilembetse ku National Lotteries Commission. Raffle yoikidwa pa status ya WhatsApp kuti aliyense mu Johannesburg agule ili mumtundu wachitatu, ndipo inu simunalembetse. Ngati munagulitsa kale matikiti, bwezani ndalamazo, kapena funsani wogula aliyense ngati alola kuti yake ikhale chopereka chabe, yankho lakelo mulisunge. Mukafuna, foniyo idzatuluke pa usiku wa chakudya uja, mutaitchula m'kalata yopempha chilolezo.

Zoyenda m'zipinda za ku hositelo ndikuuzeni mwachidule: siyani. Chipinda ndi nyumba ya munthu, ndipo oyang'anira mahositelo salola kugogoda zitseko pogulitsa kapena popempha, makamaka chifukwa cha chitetezo cha atsikana ndi cha katundu. Pitani kwa komiti ya hositelo ndi kwa woyang'anira, mupemphe mphindi zochepa pamsonkhano wa onse kapena malo pabolodi la zidziwitso. Pa foni naponso pali malire. Lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, limateteza manambala, maimelo ndi mbiri ya anthu. Kutenga mndandanda wa kalasi umene unaperekedwa chifukwa cha maphunziro n'kuyamba kutumizira aliyense uthenga wopempha kapena wotsatsa malonda, n'kuugwiritsa ntchito imene eni ake sanavomere.

Ndipo pano ndilankhule ngati mkulu wanu. Samalani ulemu wa mnzanuyo. Wangoika kumene bambo ake m'manda. Chithunzi chake, sitetimenti ya ngongole yake ndi nkhani ya banja lake zisayende m'magulu iye asanawerenge ndi kuvomera liwu lililonse. Chimene chalowa pa intaneti sichituluka, ndipo chaka chamawa adzakhala akufunsira ntchito ndi dzina lomwelo. Ena amalola kuti nkhani yawo imveke, ena amafuna muzingoti wophunzira wina wa chaka chomaliza, ndipo zonsezi n'zoyenera kuzilemekeza. Akalola, tsamba ngati BackaBuddy limaposa uthenga wongoyenda m'mafoni, chifukwa aliyense amaona zimene zasonkhedwa.

Ndalama yaikulu sili pa kampasi, pamene aliyense akuwerengetsa makobidi a takisi. Ili kunja: kwa Amalawi ogwira ntchito ku Sandton ndi ku Midrand, kumipingo ndi kumizikiti kumene anthu a kwathu amasonkhana, kwa amene anaphunzira pasukulu yomweyo kale. Kusonkha kwa pachibale kutchalitchi kapena pamsonkhano wa a kumudzi sikufuna chilolezo cha yunivesite, malinga ngati simukulankhula m'dzina lake. Pamene zinthu zimasintha ndi pa makampani. Musalembere kampani kalata yooneka ngati yachokera ku yunivesite, chifukwa mayunivesite ali ndi maofesi awo opempha thandizo kwa makampani, ndipo safuna kuti wina akagogode kumene iwo akukambirana kale zazikulu. Kampani idzafunsanso satifiketi ya Section 18A, imene imaichepetsera msonkho. Kagulu kanu sikangapereke satifiketi imeneyo. Amapereka ndi mabungwe okhawo ovomerezedwa ndi SARS, bungwe la boma lotolera misonkho, ndipo mayunivesite ali m'gulu limenelo. Musalonjeze kanthu za msonkho. Atumizeni ku ofesi ya zopereka ya sukulu, imeneyo ndiyo idzanene ngati thandizo lopita kwa munthu mmodzi wotchulidwa dzina lingalandire satifiketiyo.

Tibwere kwa azakhali. Apa nkhani yasiyana kotheratu, chifukwa iyi si yachifundo, ndi geni. Yunivesite siilola geni ya munthu payekha pamalo pake popanda pangano, ndipo wakunja wolowera pa khadi la wachibale kudzagulitsa amaika mwini khadiyo pamlandu. Koma chachikulu ndi viza yanu. Malamulo a zolowa ndi kutuluka a 2014 amalola wophunzira wa pa yunivesite kugwira ganyu yosapitirira maola 20 pa sabata, ndipo Immigration Act ya 2002 imawerengera ngati ntchito chilichonse chimene munthu amachita poyendetsa bizinesi, ngakhalenso kugwirira wina osalipidwa. Ndiye musaganize kuti poti ndi azakhali, ndipo sakukupatsani malipiro, lamulo silikukuonani. Kukhala ndi bizinesi yanuyanu kuli ndi viza yake, imene imafuna chuma cha R5 miliyoni. Palinso funso la mmene katunduyo walowera. Usipa ndi mpunga umene munthu wanyamula pa basi kuti akadye kunyumba ndi nkhani ina. Katundu wodzagulitsa amayenera kulengezedwa pa Beitbridge, ndipo zakudya zimakhala ndi zilolezo zake. Thumba likapezeka m'chipinda mwanu, woyankha ndinu.

Ndikudziwa kuti kukaniza azakhali n'kovuta, makamaka ngati ndi iwo anakulandirani pa Park Station tsiku limene munafika, ndipo mumadya kwawo pa tchuthi. Musawakanize mwamwano, ndiponso musangosowa osayankha mafoni. Pitani komweko, muwafotokozere kuti sukulu ndi mapepala anu sizilola kuti muzisunga katundu m'chipinda kapena kulandira ndalama za malonda, koma wofuna usipa muzimupatsa nambala yawo akagule yekha ku Mayfair. Akafunadi msika wa ophunzira, apemphe tebulo m'dzina lawo ndi mapepala awo pa tsiku limene sukulu yaitana amalonda akunja. Adzamvetsa, pakuti nawonso akudikira tsiku limene mudzavale gauni.

Chenjeraninso ndi amene adzabwere kwa inu akamva kuti mukusaka ndalama. Adzabwera wa forex kapena wa crypto, mwina Mmalawi mnzanu, kunena kuti muike zimene mwasonkhazo zibereke kawiri pamwezi. Gawo 43 la Consumer Protection Act ya 2008 limaletsa ma pyramid scheme ndi onse olonjeza phindu lopitirira muyeso, ndipo wokopa anzake kulowamo nayenso ali pamlandu. Adzabweranso wakatapila, amene kuno amati mashonisa. Wobwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja ayenera kulembetsa ku National Credit Regulator, ndipo National Credit Act ya 2005 imaletsa kusunga khadi la ku banki kapena chitupa cha munthu ngati chikole. Mnzanuyo asapereke pasipoti yake kwa wina aliyense, ngakhale zitathina bwanji. Chipereganyu cha pakati panu, chimene eni dziko amati stokvel, n'chololedwa, ndipo mabanki ali ndi maakaunti a magulu otere osainira anthu angapo. Chimenecho chikhoza kukhala thumba lanu la mavuto a m'tsogolo.

Za manambala a makhadi amene alonda analemba, musadikire kuti akuitaneni. Nthawi zambiri zimathera mu lipoti, koma lipoti limatha kukafika ku ofesi ya chilango. Mawa m'mawa inu ndi wapampando mupite ku ofesi yoona za ophunzira, mutanyamula mndandanda wa ndalama uja wosainidwa, mufotokoze zimene munachita ndi chifukwa chake, munene kuti mwaimitsa zonse ndipo mukupempha njira yoyenera. Mukatuluka, tumizani imelo yobwereza zimene mwakambirana, kuti pakhale umboni wa tsikulo. Ngati kalata ya mlandu ingabwerebe, musasainire chovomera chilichonse musanachiwerenge bwino ndi kufunsa uphungu. A SRC amathandiza ophunzira pa milandu yotere, ndipo ma law clinic a Wits ndi UJ, maofesi opereka uphungu wa zamalamulo, akhoza kukulozerani kopita. Ngati pakati pa alondawo panali wina amene anakunyozani chifukwa cha dziko lanu, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo muli ndi ufulu wodandaula. Lembani tsiku, nthawi, malo, mawu amene ananenedwa ndi mayina a amene anamva, mukapereke padera, osasakaniza ndi pempho lanu la chilolezo.